Mwana wabadwira kunja, umboni woti ndi Mmalawi muupeza bwanji

Tiyambe ndi lamulo kuti tisamakangane za ziii. Lamulo la unzika la dziko lathu, Malawi Citizenship Act ya 1966, limati mwana wobadwira kunja pambuyo pa 5 Julayi 1966 amakhala Mmalawi kuyambira tsiku lomwe wabadwa, bola bambo ake kapena mayi ake akhale nzika ya Malawi mwa kubadwa. Mwamva eti, bambo KAPENA mayi, sizoti mpaka onse awiri ayi, ndipo zoti unzika umadutsira kwa bambo okha ndi nkhani za pa bawo chabe. Malamulo aakulu a dziko a 1994 nawonso pa gawo 23 amati mwana aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi dzina komanso dziko lake. Ndiye kaya mwanayo wabadwira ku Tembisa, ku Leeds, ku Dublin kapena ku Tete, ndi wathu.

Koma tsono lamulo silimayenda nanu pa boda. Wa Immigration samakufunsani kuti lamulo likuti chani, amati "mapepala a mwanayu ali kuti?" Ntchito yonse ili pa zinthu zitatu zomwe zikuyenera kugwirizana: pepala losonyeza kuti mwana anabadwadi tsiku lakuti malo akuti, pepala lomwelo lisonyeze kuti mayi ndi bambo ake ndi ndani, kenako mapepala anu inu makolo osonyeza kuti ndinu Amalawi. Chimodzi chikasowa kapena dzina likasiyana ndi chilembo chimodzi chokha, mwana uja yemwe lamulo likumuvomereza amasanduka munthu wopanda kwawo pa maso pa ofesi iliyonse.

Ndipo musadalire kuti dziko lomwe wabadwiralo limutenga. South Africa sipereka unzika chifukwa chongobadwira kumeneko, UK inasiya zimenezo pa 1 Januwale 1983, Ireland nayo inatseka khomo limenelo kuyambira 1 Januwale 2005 anthu atavota mu 2004. Anthu ambiri amakhala zaka akuganiza kuti mwana wawo ndi "wa konkuno" kufikira tsiku lomwe sukulu kapena chipatala chifunse nambala ya ID, pamenepo mpomwe mutu umayamba kuwawa.

Zonse zimayambira ku chipatala

Apa ndikhalitsa pang'ono chifukwa mavuto ambiri amabadwira mu wodi ya amayi momwemo, tsiku lomwe mwana akubadwa. Mayi akamalembetsa sikelo kapena akamalowa kukachira, dzina lomwe apereke likhale lomwe lili mu pasipoti, ndendende, chilembo ndi chilembo. Osati dzina la pa ukwati pamene mu pasipoti muli dzina la bambo anu okubalani, osati dzina lachizungu lomwe abwana amakuitanani nalo ku ntchito, ndipo chonde chonde osati khadi ya mnzanu. Ndikudziwa kuti mantha amakhalapo, madeyizi anatha kalekale, pemiti palibe, ndiye munthu umaganiza kuti ndikanena dzina lenileni andiitanira apolisi, bola ndibwereke khadi ya mlongo wa ku tchalitchi yemwe mapepala ake ali bwino. Tsiku limenelo zimaoneka ngati nzeru koma pa pepala mwana wanu wakhala mwana wa mlongoyo, ndipo kuti muzakonze zimenezi pazafunika ma afidaviti, mwina DNA, mwina loya ndi khoti, ndalama zomwe simunaziganizire n'komwe.

Anamwino a kunja maina athu amawalemba momwe awamvera. Chirwa amakhala Chilwa, Phiri amakhala Piri, Mphatso amataya h, Ng'oma amataya kachizindikiro kaja, Nkhoma ndi Mkhoma kwa iwo ndi chimodzimodzi. Musatchule pakamwa, alembereni pa pepala kapena aonetseni tsamba la pasipoti pa foni, ndipo akalemba muwerenge musanachoke. Mayi atangochira kumene sangakhale ndi mphamvu zoyang'ana zilembo, ntchito imeneyi ndi ya abambo kapena wodikirira.

Ku South Africa chipatala chimapereka pepala la umboni wa kubadwa, fomu yake ndi DHA-24/PB, komanso kabuku ka sikelo ka mwana kotchedwa Road to Health. Ziwirizi musazitaye. Kabuku ka sikelo ena amakaona ngati ka katemera basi, koma zinthu zikavuta patsogolo ndi umboni wamphamvu woti mwanayu anabadwira kuno ndipo mayi ake ndi inu, chifukwa muli madeti ndi zidindo za kiliniki kuyambira ali wakhanda.

Kenako ku Home Affairs, ofesi ya boma yolembetsa obadwa, pasanathe masiku 30. Lamulo lawo la kulembetsa obadwa ndi omwalira la 1992 limanena masiku 30 amenewa, ndipo mukafika mkati mwa nthawiyi kulembetsa ndi kwaulere. Zipatala zina zikuluzikulu zili ndi kawindo ka Home Affairs mkati momwemo, funsani musanatulutsidwe, mwina mungamalize zonse tsiku lomwelo. Mumadzaza fomu ya DHA-24, mumatenga pepala la kuchipatala lija ndi mapasipoti a makolo. Mwana wa alendo amapatsidwa setifiketi ya kubadwa yopanda nambala ya ID, nthawi zambiri yolembedwa pamanja, ndiye anthu akaiona amati ndi yabodza kapena yosakwanira. Ayi ndithu, ndi yeniyeni, siikunena kuti mwana ndi wa ku South Africa, ikungonena kuti anabadwa ndipo makolo ake ndi awa, ndipo chimenecho ndi chomwe a ku Malawi akufuna kuona. Onetsetsani kuti maina a makolo alipo ndipo pa dziko palembedwa Malawi.

Masiku 30 akadutsa nkhani imalowa mu gulu la kulembetsa mochedwa, komwe kumafunika mafomu owonjezera, afidaviti yofotokoza chifukwa chomwe munachedwera, ndipo mwana akamakula mafunso amachulukanso, amatha kukuitanani ku intavyu, kufuna mboni, kufuna makalata a kusukulu. Zimatheka koma zimadya miyezi. Ngati muli kale mu gulu limeneli musati basi zinadutsa, yambani lero, chifukwa wa zaka ziwiri ndi wosavuta kusiyana ndi wa zaka 12.

Nanga ngati makolo mapepala anu sali bwino? Malamulo a 2014 ankafuna pasipoti ndi pemiti zogwira ntchito, koma khoti lalikulu la ku Grahamstown mu 2018 linagamula kuti kusowa kwa zimenezi kusalepheretse mwana kulembetsedwa. Mu Seputembala 2021 khoti la Constitutional Court linagamulanso kuti bambo wosakwatira mayi wa mwana atha kulembetsa mwana wake pa dzina lake ngakhale mayi palibe, zomwe zimathandiza pamene mayi anamwalira kapena anachoka. Sikuti pa kawindo paliponse azakuuzani zimenezi, ndiye mukabwezedwa pemphani kuti akulembereni chifukwa chake, ndipo pitani kwa anthu omwe ntchito yawo ndi imeneyi: Lawyers for Human Rights, Scalabrini Centre ku Cape Town, Legal Resources Centre, kapena Centre for Child Law ya pa yunivesite ya Pretoria. Amenewa nkhani za ana opanda mapepala amazidziwa kuposa ma ejenti oima panja pa geti aja, omwe amakulonjezani setifiketi mawa lomwe mukangowapatsa kenakake. Pepala la ejenti limaoneka bwino m'manja, koma likakalowetsedwa mu kompyuta n'kupezeka kuti kulibe, wolakwa ndinu.

Pali chiyeso china chomwe anthu sakonda kuchikamba poyera. Mnansi wa konko kapena chibwenzi chakale amati bweretsa mwanayo ndimulembetse ngati wanga, apeze nambala ya ID, azilandira ndalama ya chithandizo cha boma ya SASSA, sukulu isavute. Kwa mayi yemwe akuvutika ndi renti mawu amenewa ndi okoma. Koma taganizani, kuyambira tsiku limenelo inu pa lamulo si mayi ake, simungamutengere pasipoti ya Malawi, simungadutse naye pa Beitbridge popanda chilolezo cha munthu uja, ndipo mukazayambana kapena iye akamwalira mwana amatsala m'manja mwa abale a munthu yemwe si mbale wanu. Kuonjezera apo ndi mlandu. Nkhani ndi yosiyana ngati bambo kapena mayi weniweni wa mwana ndi nzika ya South Africa, pamenepo mwana ndi nzika ya kumeneko mwa lamulo ndipo alembetsedwe choncho, kungoti ngati simunakwatirane mwalamulo konzekerani kuti atha kufuna DNA.

Setifiketi yopanda ID ija ili ndi phindu linanso lomwe ambiri salidziwa. Gawo 4(3) la lamulo la unzika la South Africa, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2013, limati mwana wobadwira kumeneko kwa makolo achilendo atha kupempha unzika akakwanitsa zaka 18, ngati wakhala konko kuyambira pa kubadwa ndipo kubadwa kwake kunalembetsedwa. Ndiye pepala lomwelo likutsegula makomo awiri, la kwathu ndi la kumeneko.

A ku UK

Kuno zinthu ndi zolongosoka koma misampha ilipo. Mwana alembetsedwe ku register office pasanathe masiku 42 ngati ndi ku England, Wales kapena Northern Ireland, ndipo ku Scotland ndi masiku 21 okha. Setifiketi zilipo ziwiri, yaifupi yomwe imangoonetsa za mwana, ndi yaitali yomwe ili ndi maina a makolo. Yaifupi ija pa nkhani ya unzika ilibe ntchito, gulani yaitali, ndipo gulani ziwiri kapena zitatu tsiku lomwelo chifukwa imodzi izakhala ku embasi pamene ina ikufunika ku Home Office, omwe amaona za maviza. Ngati simunakwatirane mwalamulo, ndipo chinkhoswe cha kumudzi chopanda setifiketi iwo sachiwerengera mosavuta, pitani nonse awiri kuti dzina la bambo lilowe. Izi ndi zofunika kwambiri pamene Mmalawi ndi bambo, mayi ndi wa dziko lina, chifukwa dzina la bambo likasowa pa setifiketi ndiye kuti ulusi wolumikiza mwana ndi Malawi waduka.

Anzathu ambiri omwe anabwera pa viza ya ntchito yosamalira okalamba ndi odwala amadabwa kumva kuti mwana wobadwira mu chipatala cha NHS si British. Amakhala British pokhapokha kholo limodzi linali British kapena linali ndi chilolezo chokhazikika pa tsiku lobadwa. Apo bii ndi Mmalawi, akufunika pasipoti ya Malawi ndi viza yake yake, ndipo mukatuluka naye kupita kumudzi kukamuonetsa kwa agogo asanakhale ndi viza, pobwerera zivuta. Chithandizo chaulere cha NHS kwa khanda la makolo omwe analipira ndalama ya zaumoyo popempha viza chimafika miyezi itatu, ndiye musagone. Kholo likazapeza chilolezo chokhazikika mwana asanakwanitse zaka 18 atha kulembetsedwa kukhala British ndi fomu ya MN1, ndipo mwana yemwe wakhala ku UK zaka 10 zoyambirira za moyo wake, osatuluka masiku opyola 90 pa chaka chilichonse, ali ndi njira yake ya fomu T. Zimenezo ndi za patsogolo, pakali pano umboni wa Umalawi ndi womwe akuyendera.

Mapepala anu inu makolo

Mwana amatenga unzika kwa inu, ndiye ngati inu umboni wanu ndi wogwedera, wa mwana sungaime. Chofunika kwambiri masiku ano ndi chiphaso cha unzika cha NRB, chija anthu anafolera mu 2017, pamodzi ndi pasipoti. Amene anachoka kumudzi 2017 isanafike ndipo sanabwerereko, ambiri alibe chiphasochi, ndipo amazindikira pamene akufuna kukonzetsa pasipoti. Ngati ndinu mmodzi wa iwo konzani zanu kaye, kapena zonse ziyendere limodzi.

Ikani mapepala onse pa tebulo muwayang'ane bwinobwino: pasipoti, chiphaso cha unzika, setifiketi ya ukwati ngati ilipo, setifiketi ya mwana. Tsiku lanu lobadwa ndi limodzi paliponse? Ambiri tili ndi masiku awiri, lina lomwe aphunzitsi a ku pulayimale anatipatsa polembetsa mayeso, lina lenileni. Maina akutsatana chimodzimodzi? Ngati pali kusiyana, afidaviti yolumbira pamaso pa woyenera yonena kuti maina awiriwa ndi a munthu mmodzi imathandiza, koma ngati cholakwika chili pa setifiketi ya mwana ndi bwino kukakonzetsa komwe inatuluka mwana akadali wamng'ono. Pasipoti yakale yomwe munali nayo nthawi yomwe mwana amabadwa musaitaye ngakhale inatha kapena anaiboola, nambala yake ndi yomwe inalembedwa m'mafomu a nthawi imeneyo.

Mafotokope asetifayitseni. Ku South Africa pa polisi iliyonse amadinda mwaulere mukapita ndi pepala lenileni. Setifiketi yeniyeni musailaminete, ndikudziwa timakonda kumata pulasitiki kuti isanyowe, koma maofesi ambiri pepala lomatidwa amalikana chifukwa sangaone bwino chidindo ndipo sangadindeponso china. Gulani fayilo ya pulasitiki yotsegula basi. Jambulani chilichonse pa foni mutumize ku imelo yanu komanso kwa mbale mmodzi wodalirika kumudzi, moto wa m'mikuku ya ku Joni ndi Cape Town tonse timaudziwa.

Nthawi zina amafuna chidindo chotsimikizira kuti pepala la kunja ndi lenileni, chomwe amati apostille. Malawi ili mu mgwirizano wa Hague wa chidindo chimenechi, South Africa ndi UK nawonso alimo, ndiye ku South Africa amadinda ndi a DIRCO, unduna wa zakunja, ku Pretoria, ku UK ndi Legalisation Office. Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique sali mu mgwirizanowu, kumeneko pepala limadutsa ku unduna wa zakunja wa dzikolo kenako ku embasi. Koma musathamangire kuwononga ndalama musanauzidwe kuti chikufunika. Setifiketi ya Chipwitikizi ya ku Mozambique kapena ya Chiarabu ya ku maiko a Gulf imafunika kumasuliridwa m'Chingerezi ndi womasulira wovomerezeka, osati mphwanu yemwe anaphunzira ku Angonia.

Ku embasi

Umboni womwe umamveka paliponse ndi pasipoti ya Malawi ya mwanayo, mu dzina lake. Imatuluka ku Department of Immigration and Citizenship Services, ndipo muli kunja khomo lanu ndi ofesi ya kazembe. Ku South Africa kuli High Commission ku Pretoria ndi Consulate ku Johannesburg, ku UK ndi ku London, ku America ndi ku Washington, ndipo tilinso ndi maofesi ku Harare, Lusaka, Maputo, Tete, Dar es Salaam, Nairobi, Brussels ndi Berlin. Musananyamuke ulendo wa ku Durban mpaka ku Joni ndi khanda kumsana, imbani kapena lembani imelo mufunse mndandanda wa zofunika, mtengo, kalipiridwe, kukula kwa zithunzi, komanso ngati mwana akuyenera kuonekera mwini wake pamaso. Mitengo ndi mafomu zimasintha, ndipo zomwe anakuuzani mnzanu yemwe anapita chaka chatha mwina sizilinso choncho. Yankho la pa imelo ndi labwino kuposa la pa foni chifukwa mutha kulisindikiza n'kupita nalo.

Zomwe simungalakwitse kunyamula ndi setifiketi ya mwana yokhala ndi maina a makolo, pasipoti ndi chiphaso cha unzika cha kholo lomwe ndi Mmalawi, mapepala a kholo linalo, zithunzi za mwana, ndi chilolezo cholembedwa cha makolo. Ngati kholo limodzi linamwalira tengani setifiketi ya imfa, ngati munasiyana ndipo khoti linapereka mwana kwa inu tengani chigamulocho. Chithunzi cha khanda ndi nkhondo yake payokha, mugonekeni pa nsalu yoyera mujambule kuchokera pamwamba, dzanja lanu lisaoneke, kachipewa ndi kachidole koyamwa zichoke.

Mafomu a kwathu amafunsa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Ichi ndi chinthu chomwe anthu okulira m'tauni kapena kunja amakakamira nacho, munthu amangodziwa kuti kwathu ndi ku Mzimba kapena ku Mangochi koma T/A sakumudziwa. Imbirani amalume mufunse, lembani momwe zilili pa mapepala anu inu, ndipo za mwana zikhale zomwezo. Mukalipira sungani lisiti, ijambuleni, lembani tsiku lomwe munapereka. Ndipo zimenezi yambani msanga, ulendo usanaganiziridwe n'komwe. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo makina a Immigration atasokonezedwa, anthu omwe anali atagula kale matikiti anangogwira njakata. Maliro sapangana tsiku, ndiye pasipoti ya mwana ikhale ili mu fayilo kale.

Zikakhala zadzidzidzi embasi imatha kupereka chikalata choyendera chadzidzidzi, chomwe chimamufikitsa mwana ku Malawi. Dziwani kuti ndi cha ulendo wopita kumudzi, pobwerera pakufunika pasipoti yeniyeni, ndiye ngati mukufuna kubwerera naye ikani nthawi yokwanira yokafola ku Immigration ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu kapena Mangochi.

Za kutumiza mwana ndi matransipota wopanda pepala lililonse, ine ndimakana. Njira ya basi imadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, kenako Zobue kulowa Mwanza kapena Calomue kulowa Dedza, maiko anayi, ndipo paliponse munthu wonyamula mwana yemwe si wake wopanda chilolezo cha makolo amaonedwa ngati wozembetsa anthu, Malawi yomwe ili ndi lamulo lake la zimenezi la 2015. Ngati mwana akuyenda ndi azakhali kapena ndi kholo limodzi, pakhale afidaviti ya chilolezo, fotokope ya mapasipoti a makolo, setifiketi ya kubadwa ndi manambala a foni a omwe akukamulandira. Ndipo mwana akapita kukakhala kwa agogo, mapepala ake apite naye limodzi, kapena fotokope yosetifaya, chifukwa ana ambiri obadwira ku Joni akukulira ku Mangochi ndi ku Mzimba opanda kanthu, setifiketi inatsala mu sutikesi ya mayi ku Germiston.

Chinthu chimodzi musachite mukafika kumudzi, kukalembetsa mwana ngati kuti anabadwira pa chipatala cha kwanuko pamene anabadwira kunja. Anthu amati ndi njira yachidule, a mfumu alemba kalata basi. Koma tsopano mwana ali ndi malo obadwira awiri pa mapepala a maiko awiri, ndipo tsiku lomwe azafune viza kapena unzika wa komwe anabadwiradi, mapepalawo azatsutsana ndipo azaoneka wabodza ndi iyeyo. Ku ofesi ya NRB ya pa boma nenani zoona, onetsani setifiketi ya kunja, akuuzani njira yake.

Akafika zaka 16, ndi za unzika wa maiko awiri

Lamulo la kalembera la 2010, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2015, limati Mmalawi aliyense wa zaka 16 alembetse chiphaso cha unzika. Pamafunika mwini wake chifukwa amajambula nkhope ndi zala, ndiye ngati mukupita kumudzi pa Khirisimasi ndi mnyamata kapena mtsikana wa msinkhu umenewu, patulani tsiku limodzi la ku NRB, mupite ndi ziphaso zanu, pasipoti yake ndi setifiketi yake. Muzitsatiranso zolengeza za embasi ya komwe muli.

Kale Malawi sinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya maiko awiri, mwana ankatha kukhala ndi ziwiri koma akakwanitsa zaka 21 ankayenera kusankha, akapanda kukana unzika winawo pofika zaka 22 wa Malawi unkatha wokha. Nyumba ya Malamulo inasintha zimenezi mu Disembala 2018, ndondomeko zake zinachedwako kutuluka koma pano Mmalawi mwa kubadwa kapena wobadwa kwa kholo la Chimalawi atha kukhala ndi unzika wina. Pali mafomu ake ku Immigration, ndipo ana anu akuluakulu omwe anadutsa zaka 22 lamulo lisanasinthe afufuze bwino, mwina unzika wawo unatha mwakachetechete ndipo akufunika kuubwezeretsa. Yang'ananinso lamulo la dziko linalo, si onse amalola.

Tibwerere ku mawu aja oti kholo likhale nzika "mwa kubadwa", chifukwa apa mpomwe zidzukulu zimagwera. Mwana wanu wobadwira ku London ndi Mmalawi kudzera mwa inu. Koma iye akazabereka mwana wake ku London komweko, ndi mnzake yemwe si Mmalawi wobadwira kumudzi, mdzukuluyo satenga unzika wokha wokha ngati mmene anatengera kholo lake. Abale athu a ku Zimbabwe nkhaniyi amaidziwa bwino, agogo anapita ku mapulazi ndi ku migodi nthawi ya Federation, 1953 mpaka 1963, ena kale kuposa apo, ana ndi zidzukulu anabadwira ku Harare, ku Kadoma, ku Bulawayo, amayankhula Chichewa, gule amavina, koma ziphaso zawo zinalembedwa kuti ndi alendo ndipo ku Malawi nako umboni palibe. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anathandiza, anati wobadwira kumeneko malamulowo asanatuluke, kwa kholo lochokera dziko la SADC, ndipo amakhala konko ndi nzika mwa kubadwa, ndiye amene ali mu gulu limeneli apite ku ofesi ya kalembera akasinthitse chiphaso. Kwa mdzukulu yemwe mukufuna akhale Mmalawi, lamulo lili ndi njira yolembetsa mwana wamng'ono wa nzika kudzera mu pempho kwa nduna, ndipo pempho limeneli limadalira pasipoti ya kholo lake ndi mapepala a agogo osonyeza mudzi, T/A ndi boma. Lipangidwe mwana asanakule, kudzera ku embasi kapena ku Immigration.